Nyanja ya Adada Longwe ndi Masokosi Ake

Limbani ndi Tadala, ana anga, za ubwana wanga ku Dowa ndinakufotokozerani mpaka makutu anu anatopa, ndiye pano ndizilumpha. Ndikufuna ndikusiyireni mbiri ya ntchito imene ndinagwira, chifukwa mpaka lero anzanu akakufunsani kuti amayi anu ankatani, mumayankha kuti ankachapa pa loji. Si bodza ayi, ndinachapa ndithu, zala zopindikazi ndi umboni. Koma ntchito yanga yeniyeni inali yosamala nyanja, ngakhale kuti nyanja yamchereyo sindinaionepo ndi maso anga.

Chaka chimene tinafika ku Mzuzu

Tinabwera kuno chifukwa cha ntchito ya ukalipentala ya bambo anu, iwe Limbani uli kumsana. Tinapeza kanyumba ku Chiputula, ndipo m'mawa woyamba nditatsegula chitseko sindinaone kanthu koma chifunga chokhachokha. Ndinkangomva mawu a anthu akupatsana moni m'chilankhulo chomwe sindinkachimva. Ndinalira, sindibisa. Ntchito yanga yoyamba inali yochapa pa nyumba ina yogonamo ana a sukulu ku Luwinga. Bwana wake anali mayi wouma manja, sopo ankachita kudula ndi mpeni, kenako n'kumadabwa kuti nsalu sizikuyera. Ndinapirira mpaka mnzanga wina wa kutchalitchi anandinong'oneza kuti loji ina ya m'dera lomwelo ikufuna wochapa, koma mwini wake ndi munthu wodabwitsa, amaweta nsomba zomwe sadya.

Mwini wakeyo anali adada Longwe, bambo wamtali wa ku Nkhata Bay amene unyamata wake wonse anauthera pa sitima zapamadzi ku Dar es Salaam. Atapuma ntchito anabwera kudzamanga loji ija ndi akazi awo, amama NyaManda. Nditalowa pamalo olandirira alendo ndinaiwala ngakhale kupereka moni. Kukhoma kunali thanki yagalasi, yaitali kuposa bedi, yowala buluu, ndipo mkati mwake munkayandama tinsomba ta mitundu imene ndinali ndisanaionepo ngakhale pa chitenje. Tiwiri tinali ta mtundu wa lalanje ta mizere yoyera, ina yachikasu, ina yabuluu, ndipo pamiyala pankayenda tinkhanu tofiira ta ndevu zazitali. Madzi ake anali oyera moti ndinkaona ngati nsombazo zikuuluka.

"Monire, amama," anatero munthu kumbuyo kwanga. "Mwabwera kudzafuna ntchito kapena kudzaona nyanja?"

Ndinagwada msangamsanga n'kupepesa. Iwo anaseka n'kundifunsa mfunda wanga. Nditati ndine Nabanda, anati kuno ndine NyaBanda, ndipo dzinalo linandikakamira mpaka lero. Kenako anati nditambasule manja, n'kuwanunkhiza.

"Sopo yekhayekha," anatero. "Ntchito mwaipeza, koma manja awa asayandikire galasi ilo. Madzi awa ndi amchere, NyaBanda, si a kwathu ku Nkhata Bay. Kasopo pang'ono chabe, zonsezi mawa tikwirira."

Chaka chimene unabadwa iwe Tadala

Ndinachapa pa loji ija zaka zingapo, koma m'mawa uliwonse ndisanapite kochapira ndinkaima kaye pagalasi paja, manja kumbuyo. Adada Longwe ankandiona. Nditabwerera ku ntchito iwe utabadwa, ndinawapeza mawondo atawavuta, sankathanso kugwada. Anandiitana nati, "NyaBanda, kuyambira lero ukwati wanu ndi sopo watha. Muzisesa pano, muzisoka makatani ndi nsalu zong'ambika, koma ntchito yanu yaikulu ili pansi apa." Anatsegula zitseko za kabati imene thanki ija inakhalapo.

Ine zaka zonsezo ndinkaganiza kuti m'kabatimo amasungamo mbale. Aa, munali thanki ina yaing'ono, yopanda nsomba, yodzaza mapaipi ndi mawaya. Iwo ankaitcha sampu. Anandifotokozera kuti madzi a pamwamba amasefukira mu paipi n'kutsikira m'sampumo, amasefedwa, amatenthetsedwa pang'ono chifukwa Mzuzu ndi wozizira, kenako pampu imawakwezanso. Pamene paipi yotsika ija imalavulira madzi panali kathumba koyera ka nsalu yokhuthala, kotalika kuyambira pachigongono changa mpaka kuzala, kokhala ndi mkombero wapulasitiki kukamwa kwake. Kameneko ndiye kanali sokosi. Zotsala za chakudya, ndowe za nsomba, fumbi la miyala, zonse zinkakodwa mmenemo. "Alendo amayamikira nsomba," anatero adada Longwe, "koma mwini nyanja ndi sokosi iyi. Ikadzaza musaichedwetse, chifukwa zonyansazo zikaolera momwemo ndiye kuti mukuphikira nsomba zanga poizoni."

Ndinaphunzira. Pakapita masiku ochepa sokosi inkasanduka yofiirira, madzi n'kuyamba kusefukira pamkombero, ndiye ndinkaichotsa n'kuikapo ina youma. Yakudayo ndinkaitembenuza, kuikhutumula ndi madzi a mvula omwe tinkasunga m'migolo, kuitikita ndi manja basi, n'kuiyanika padzuwa pa chingwe chakechake, kutali ndi nsalu za alendo. Beseni lake linalinso lakelake, ndipo wolikhudza ankamva pakamwa panga, chifukwa ine pa zimenezi ndinalibe nthabwala. Masokosiwo pamodzi ndi matumba a mchere wapadera ankabwera nawo mnzawo wina woyendetsa thiraki, kuchokera ku Dar komweko. Fungo la sokosi yakuda silinali lokoma, koma linali ndi kena kake, kamchere, kandere, ndipo adada Longwe ankabwera dala kudzaima pafupi ndikamachapa. "Fungo la doko ili," ankatero atatsinzina. "M'mawa madzi akaphwa, Dar yonse imamveka chonchi."

Ana anga, nthawi yokoma pa moyo wanga wonse wa ntchito inali imeneyo, m'mawa alendo asanadzuke, nditagwada, mutu uli m'kabati. Kunja chifunga, mkatimo kofunda, madzi akuyankhula okha mu paipi. Adada Longwe ankakhala pa mpando wawo wansungwi kumbuyo kwanga n'kumasimba za madzi opanda tsidya, za sitima zazikulu kuposa msika, za nsomba zouluka zomwe zinkagwera m'sitima dzuwa likamatuluka. Nkhope yawo sindinkaiona, ndinkangomva mawu akusakanikirana ndi phokoso la madzi, ndipo nthawi zina ndinkaiwala kuti ndili ku Luwinga. Ndinkadziona ndikuyenda pamchenga woyera, chitenje nditakweza m'mawondo, madzi ofunda akundinyambita mapazi. Kenako minibasi inkaliza hutala pamsewu, ine n'kudzidzimuka, mutu n'kuugunditsa kudenga la kabati. Amama NyaManda ankaseka ali pakhomo. "Awiri inu mwapitanso ku Dar osanditsanzika?"

Chaka chimene iwe Limbani unalemba mayeso a Fomu 4

Matenda a adada Longwe anayamba ngati nthabwala. Ankaiwala pomwe aika magalasi, kenako mayina a antchito, kenako tsiku lina anandifunsa mwaulemu ngati ndine mlendo wa chipinda chakumapeto. Madokotala anati ndi matenda a ukalamba oiwalitsa, alibe mankhwala ochiza. Ena ankanong'ona zawo, mukuwadziwa anthu. Mwana wawo Kondwani anabwera kuchokera ku Lilongwe kudzayendetsa loji. Anali bwana wabwino, wofatsa, koma ankakhala mtima uli m'mwamba chifukwa cha bambo ake, ndipo sindimunena. M'dalayo akasowa mtendere ankavala jekete, kutuluka pageti n'kumapita. Tsiku lina anawapeza pa siteji ya minibasi akufunsa makondakitala kuti yopita kudoko ndi iti. Tsiku linanso galimoto inawaphonya pang'onong'ono pamsewu waukulu, anabwera nawo ana a sukulu bondo likutuluka magazi.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chinkawakhazika pansi. Akakhala pa mpando wansungwi uja madzi ali mbee, ankatha tsiku lonse akuyang'ana nsomba, akumwetulira, nthawi zina akucheza m'Chiswahili ndi anzawo omwe ife sitinkawaona. Dzina la akazi awo ankaliiwala, koma nsomba iliyonse ankaidziwa. Madzi akangochita kambuu pang'ono, nkhope inkasintha. "Nyanja yadwala," ankatero akuimirira, "ndikauze akapitawo." Ulendo wa kugeti unkayambira pomwepo.

Kondwani ananena poyera, tonse tikumva, kuti bambo ake akapitiriza kutuluka awatsekera m'chipinda cha kuseri, chifukwa sakufuna tsiku lina kukawatola pamsewu. Chipinda chimenecho chinali ndi kazenera kamodzi koyang'ana kumpanda wanjerwa. Amama NyaManda anabwera kwa ine ndili pa makina osokera, anandigwira dzanja nati, "NyaBanda, madzi aja akhale oyera, ndapota nanu. Munthu amene wakhala moyo wake wonse pamtetete asakathere m'kachipinda." Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti sindikusamalanso nsomba zokha.

Chaka cha mizere ya mafuta

Mukukumbukira chaka chimene magalimoto ankagona pamizere ya mafuta, zinthu n'kumasowa m'masitolo? Thiraki ya mnzawo ija inasiya kubwera. Kondwani anaitanitsa masokosi kunja, anangouzidwa kuti katunduyo wakanirira panjira, adikire. Masokosi omwe tinali nawo anali atatopa, ochapidwachapidwa, opyapyala. Ndinkawasoka zigamba mpaka zigamba zinasowa pogwira. Yomaliza inaphulika m'mawa wina ndikuiona, ndipo zonyansa zonse pampu inazikwezera kumwamba.

Ndiye ndinayamba kuyesa zanga. Mikombero yapulasitiki ndinali nditasunga yonse, vuto linali nsalu. Ndinagula masitonkeni a azimayi atsopano, ankagwira zinyalala zikuluzikulu koma fumbi laling'ono, lomwe limadetsa madzi, linkangodutsa likuseka. Sefa wa ufa anachitanso chimodzimodzi. Nsalu yoyera yathonje yosokera mapilo inkatsekeka msanga, madzi n'kusefukira pamwamba osasefedwa, ndipo inayamba kuwola. Masokosi oyera a ana a sukulu ankathothoka ubweya. Zam'kati mwa mapilo a alendo sindinaziganizire n'komwe, zinali zitamwa sopo ndi mafuta a m'mutu zaka zambirimbiri. Ndinkadziwa chomwe ndikufuna, nsalu yokhuthala ngati bulangete, yosakhala yathonje, yoyera, yoti sinakhudzepo sopo. Ndinazungulira msika wonse mpaka mapazi anatupa. Mabulangete analipo, koma onse a akambuku ndi maluwa, ndipo kachidutswa komwe ndinanyika m'beseni kanafiiritsa madzi. A kaunjika ankanunkha mankhwala ndi mafuta onunkhiritsa omwe sachoka ngakhale utachapa mpaka Khirisimasi. Ogulitsa anayamba kundiseka. "Amama a bulangete loyera abwera, kodi mukufuna kufunditsa mngelo?"

Lamlungu lina tonse tili kutchalitchi, Kondwani anaona bambo ake akuvala jekete. Mwa mantha anatenga neti ya udzudzu yatsopano, anaipinda kangapo n'kuimangirira pamkombero. Ndani akanamudabwa? Kuno neti timatchingira nayo mbewu kudimba, timatchingira anapiye, timasefera chilichonse. Inali yoyera, yatsopano, yosakhudza sopo. Amama NyaManda ndi amene anaiona atabwera kumapemphero, ndipo anakuwa mpaka alonda anathamanga. "Yayi, mwana wane! Ili ndi mankhwala ophera udzudzu iyi!" Anaizula ndi manja awo n'kutuma munthu kudzandiitana. Ndinafika ndili mu zovala za kutchalitchi, ndinapeza tinkhanu tonse titagona chagada. Tinasintha madzi ambiri mmene tikanathera, ndipo mchere wathu wotsala unathera pomwepo. Nsomba yachikasu inafa dzuwa lisanalowe. Kondwani anakhala pansi pakhonde n'kulira, ndipo ine, ngakhale ndili ndi pakamwa, sindinamunene kanthu, chifukwa chinamuchititsa ndi chikondi.

Tinatsala ndi tiwiri ta lalanje tija ndi yabuluu. Mchere wosinthira madzi panalibe, sokosi panalibe, ndipo madzi anali ngati otsukira mpunga. Adada Longwe anatulukanso pageti, anawabweza ndi mayi wina wogulitsa nthochi. Mawa lake Kondwani anaitana bambo anu kuti adzaike loko pa chitseko cha chipinda cha kuseri. Bambo anu anaikhoma loko ija akundiyang'ana ngati akupepesa.

Mwezi wa June, chaka chomwecho

M'mawa wina wozizira kwambiri amama NyaManda anandiitanira kuchipinda kwawo n'kutseka chitseko. Anakoka sutikesi pansi pa bedi, anachotsa zovala za pamwamba, ndipo pansi penipeni panali bulangete loyera, latsopano, lidakali m'pulasitiki mwake. Ndinalikhudza. Linali lofewa, lokhuthala, losathothoka, nsalu yomweyo imene ndinatupira nayo mapazi mumsika.

"Amama! Bulangete ili linali kuti masiku onsewa?"

"Khalani pansi, NyaBanda," anatero motsitsa mawu. "Ndinatuma munthu kukaligula ku Tanzania madokotala atangondiuza za matenda aja. Ndi loti adada anu adzafunde tsiku lomaliza. Palibe akudziwa, ngakhale Kondwani."

Ndinabweza dzanja ngati ndagwira mbaula. Inu mwakulira m'tauni, mwina simungamve kulemera kwa nkhaniyi. Bulangete la maliro siligulidwa munthu akupuma, limagulidwa uthenga utamveka. Mkazi woligula mwamuna wake ali moyo, abale akamva amati ankaidikira imfayo, mwinanso ndi amene anaiitana. Ndipo paja anthu anali atayamba kale kunong'ona za matenda a m'dalayo. Kwathu ku Dowa, nsalu ya maliro amaidula ndi adzukulu, tsiku la maliro, osati munthu wamba, osatinso mwini wake ali apo akumwa tiyi.

"Dulani," anatero amama NyaManda. "Ine makina osokera sindiwadziwa."

"Amama, mukundipempha chiyani kodi? Ndiike sizasi pa nsalu ya maliro ya munthu wamoyo? Akamwalira mawa ine ndidzagona bwanji? Abale awo akadzamva? Ine ndine wobwera, mlandu wonse udzagwera pamutu panga, ndipo ana anga adzalozedwa zala kusukulu."

"Enya, ndikudziwa," anatero. "Sindikukakamizani." Anasiya bulangete lija pabedi n'kutuluka.

Ndinatulukanso ine, mtima uli wowawa, ndikuwakwiyira kuti andisenzetsa katundu wotere. Nditafika polandirira alendo ndinapeza adada Longwe ataimirira pagalasi, jekete atavala kale. Ankapukuta galasilo ndi mkono wa jekete, pang'onopang'ono, kupukuta n'kusuzumira, kupukutanso n'kusuzumiranso, kuganiza kuti mbuu uja uli kunja. Atandiona anandifunsa ngati mwana wotayika mumsika, "Amama, mwaona kumene nyanja yapita?" Kumapeto kwa kanjira ka kuseri loko ya bambo anu inkanyezimira pachitseko. Ndinabwerera kuchipinda kuja, ndinapemphera mawu ochepa, sindikumbukanso kuti ndinati chiyani, ndipo ndinadula.

Ndinadula mbali imodzi yokha, yakumapeto, n'kupinda bwinobwino mphepete mwa chotsalacho. Chidutswacho ndinachitsuka kambirimbiri m'madzi a mvula owiritsa kuti za kufakitale zichoke, kenako ndinasoka timatumba ndi ulusi wa nayiloni n'kutimangirira pa mikombero yakale ija. Sokosi yoyamba inada tsiku lomwelo, ndinaikapo ina, nayonso inada. Ndinkachapa, kuyanika, kusintha, osapuma, maso ali pageti. Amama NyaManda ankakhala pafupi ndi amuna awo atawagwira mkono wa jekete, akuwaimbira nyimbo za kutchalitchi. Pang'onopang'ono miyala inayamba kuoneka, kenako mizere yoyera ya tinsomba tija, kenako khoma la kuseri kwa thanki.

Patapita masiku ochepa, m'mawa wina nditatulutsa mutu m'kabati, ndinaona madzi ali mbee, nsomba zikuulukanso. Adada Longwe anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula jekete okha, analikoleka pa mpando, anakhala pansi n'kutambasula miyendo. "Yewo chomene, amama," anatero pondithokoza. "Mwaibweza. Lero sitima ilowa bwino." Ndinalowetsanso mutu m'kabati kuti asaone misozi. Kondwani anafunsa kumene nsalu ija yachokera, ndinati kwa amayi ake, ndipo sanafunsenso. Loko ija inachita dzimbiri isanatsekedwepo. Masokosi a kusitolo ndi mchere zinadzafika patapita miyezi, koma a bulangete sindinawataye, ndinkawasinthanitsa ndi enawo.

Mvula yoyamba ya chaka chotsatira

Adada Longwe anapita m'mawa, ali pa mpando wawo. Ine ndinali nditagwada m'kabati monga mwa masiku onse, iwo akusimba za nsomba zouluka. Tsiku limenelo mawu awo anali omveka bwino ngati kale, ndipo ndinali nditafika kale pamchenga woyera uja, madzi ofunda ali m'mawondo. Ndinazindikira mochedwa kuti ndikumva madzi okha. Ndinaganiza kuti akuwodzera, ndinamaliza kumangirira sokosi, ndinatseka kabati pang'onopang'ono kuti ndisawadzutse. Maso awo anali otsegula, akuyang'ana pagalasi.

Abale a ku Nkhata Bay anayamba kufika tsiku lomwelo, nyumba inadzaza nyimbo ndi kulira. M'mawa mwake amama NyaManda anandinong'oneza kuti nditenge bulangete lija ndi masokosi ake, ndikabwezerepo zidutswa zija, chifukwa amuna awo anali amtali, lodukalo silikanafika kumapazi. Ndinapita nazo kuchipinda changa chosokera. Ndinasosola timatumba tija n'kutitambasula, tili tofiirira, madontho osachoka. Ndili mkati moyala zidutswazo m'mphepete mwa bulangete, chitseko chinatseguka. Analowa mlongo wawo wa malemu, amene Kondwani ankawatcha ankhazi, mayi wachikulire woopedwa ndi banja lonse, ndipo kumbuyo kwawo kunali azimayi ena.

"Bulangete ili ndi la ndani?" anafunsa. "Ladulidwa liti, poti mlongo wanga wamwalira dzulo? Nanga zakudazi ndi chiyani?"

Zonse zomwe ndinkaopa chaka chathunthu zinali zitaima pakhomo. Azimayi aja anayamba kuyang'anana. Ndisanatsegule pakamwa, amama NyaManda anadutsa pakati pawo n'kudzaima pambali panga.

"Ndinaligula ndine, alamu, kale ndithu, ali moyo. Anadula ndi NyaBanda, nditamupempha ine. Ngati pali mlandu, ndi wanga." Kenako anafotokoza zonse, za geti, za galimoto, za loko, za madzi a mbuu, za munthu wopukuta galasi ndi jekete. "Zidutswa izi ndi zimene zinasefa nyanja yake. Mlongo wanu wafera pa mpando wake, osati m'kachipinda, osati pamsewu."

Ankhazi aja anayandikira, anatola chidutswa chimodzi ndi nsonga za zala, anachiyang'ana mbali zonse, kenako anachifikitsa pamphuno. Ndinaona nkhope yawo ikusungunuka. Anachinunkhizanso, atatsinzina ngati mmene ankachitira malemu.

"Fungo la jekete lake ili," anatero. "Akabwera ku tchuthi kuchokera ku Dar, ine ndili kamtsikana, ndinkathamanga kukamukumbatira, ndipo ankamveka chonchi." Anakhala pa mpando wanga wosokera n'kulira, chidutswa chili kumaso. Mayi wina wachitsikana, pofuna kuthandiza, anati abweretse sopo tizichape kaye kuti ziyere, munthu asapite ndi nsalu yamadontho. Tinayankha atatu nthawi imodzi, amama NyaManda, ankhazi ndi ine, "Sopo ayi!" Ndipo pakati pa maliro paja tinaseka, misozi ili mbwembwembwe. Ankhazi anandigwirira nsalu ndikusoka. Adada Longwe anapita atafunda bulangete loyera kumtunda, lofiirira kumapazi.

Lero, kuno ku Masasa

Ndinasamala thanki ija mpaka mawondo anga nawonso anakana, ndipo ndinaphunzitsa mayi wina amene akuisamala pano. Amama NyaManda anatsatira amuna awo, bambo anu nawonso anapita, ndatsala ine ndi kanyumba kano kamene tinasamukiramo titachoka ku Chiputula, ndi chifunga cha m'mawa. Iwe Limbani umangonena kuti udzanditengera ku Dar ndikaone nyanja yeniyeni. Ndayamika, mwana wanga, koma usadzivute, basi ya masiku angapo msana uwu sungaikwanitse, ndipo ine ndinapitako kambirimbiri mutu uli m'kabati.

Chomwe ndikufuna kwa inu n'chaching'ono. Tsiku lija zidutswa zinakwanira bulangete, sokosi imodzi inatsala yosasosola, ndipo amama NyaManda anandipatsa. Ili m'sutikesi yanga yabuluu, pansi pa zovala za kutchalitchi, m'kapulasitiki. Musachite mantha kuti amayi anu akonzekera ali moyo, ine mantha amenewo ndinawadula ndi sizasi kalekale. Tsiku langa likadzafika mudzaiike m'manja mwanga. Iwe Tadala ndikukudziwa, ndiwe waukhondo ngati ine, ukadzaiona yofiirira manja adzakuyabwa. Usadzaichape ndi sopo.